Mayina Amene Ndidaitanitsa Ndili ku Halale

Ndidaganiza zochoka tsiku limene ndidakoka khoka la eni ake kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa pamutu, mwini khokalo n'kundipatsa kambale ka tinsomba ta kambuzi ngati akupatsa mphaka. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Atate anali atamwalira kale, bwato lawo lidaolera pamchenga, ndipo pakhomo pathu, m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja chakufupi ndi Lifuwu, padatsala amayi, aNabanda, ndi mlongo wanga wamng'ono Esinati. Ndidafika kunyumba, ndidaika kambale kaja pansi, n'kunena kuti ndikupita ku Halale. Amayi sadalire. Adandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kuti: "Pita. Koma ukakatchona, usakauze anthu kuti ndidakuthamangitsa ndine."

Kutchonako ndiko ndinkakuopa zaka zonse zimene ndidakhala kunja. M'mudzi mwathu munali amayi ambiri amene ana awo adamezedwa ndi Halale ndi Joni, osamvekanso, mpaka anthu kuleka kuwatchula. Ine ndidalumbira kuti sindidzatayika choncho, ndidzakhalabe mwana wa pakhomo la aNabanda kulikonse kumene ndili. Lero ndimakhala pa boma pa Salima, ndimaphika masikono n'kumagulitsa chakudepoti. Mudzi wathu uli pafupi, munthu wa njinga amapita n'kubwerako tsiku lomwelo, koma ine sindipondako.

Ndidakwera sitima pa Salima pompano, ku Limbe n'kukwera basi yodzera ku Mwanza ndi Tete. Chaka choyamba ndidagwira pa famu ya fodya. Kenako ndidapeza ntchito yotsuka mbale kwa azungu ena mumzinda umene nthawi imeneyo unkatchedwa Salisbury, ngakhale ife kwathu tinkangoti Halale. Ndidayamba ndi mbale, ndidatha ndili khukhi. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, nthawi zina pa positi, nthawi zina kwa anthu opita kumudzi, ena ankafikitsa, ena ankadyera panjira. Sindidalemere. Amene amati ndidalemera sadaone kachipinda kamene ndinkagona kuseri kwa nyumba ya azunguwo, kamene munthu ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri.

Makalata ankalemba ndi Esinati, chifukwa iye adafikako Sitandade 5, koma mawu anali a amayi. Kalata ya amayi anga sinkasowa. Ukatumiza bulangete, ankati n'lopepuka ngati chitenje. Ukatumiza shuga, ankafunsa ngati kumeneko sopo adatha. Ndipo kumapeto kwake kunkakhala funso lomwe lomwelo: ukwatira liti, kapena ukudikira kuti ndife? Amayi anga sanali munthu wothokoza, chikondi chawo chinkabwera ndi tsabola. Makalatawo ndinkawawerenga mpaka kung'ambika m'mapindiro.

Kumudzi ndidabwerako kamodzi, zaka zoyambirira. Kenako nkhondo idatseka msewu wa ku Tete, ina idabuka kumene ndinaliko, zaka n'kumangodutsa. Esinati adakwatiwa ndi aBizaliele, ogulitsa nsomba zouma, ine kulibe. Ana ake anayi ndidawadziwira m'makalata. Kusungulumwa kwa kunja kumaluma Lamulungu masana, mbale utatsuka, azungu atagona, iwe utakhala pa kandowa kuseri kwa khitchini wopanda woti n'kumuyankhula Chichewa.

Chimene chidandithyola mtima ndi imfa ya aMwale, mkulu wina wochokera cha ku Nkhotakota amene ankasamalira maluwa pa nyumba yoyandikana nafe. Adafa ndi chifuwa. Tidawaika m'manda tili anthu asanu ndi mmodzi okha. Pobwerera kumanda wina adafunsa kuti uthenga titumize kwa yani, ndipo palibe amene ankadziwa mudzi wawo, ngakhale dzina la amayi awo. Munthu wathunthu, wa imvi zake, adangotha ngati fodya wa m'kaliwo. Sabata yonse imeneyo ndidapsereza chakudya cha azungu.

M'masiku amenewo ndimo ndidazolowerana ndi aDube, Mzimbabwe amene ankayendetsa galimoto yobweretsa buledi. Ndinkawapatsa tiyi pakhomo la khitchini, iwo n'kumakana. Munthu wakuda wokana tiyi waulere ndinali ndisanamuonepo, ndiye ndidawafunsa ngati ali ndi matenda a shuga. Adaseka n'kuti ayi, iwo ndi a mpingo umene anthu amautcha wa Amormoni, ndipo samwa tiyi, khofi, mowa, ngakhale kusuta fodya.

"Amormoni ndiye kuti chiyani?" ndidafunsa. "Ndi mtundu wa anthu, kapena ndi dziko?"

"Ndi dzina la munthu," adatero aDube. "Ndipo si ife tidadzitcha choncho. Lidayamba ngati chitonzo."

Adandifotokozera pang'onopang'ono, m'mawa uliwonse kachidutswa, buledi ali m'manja. Malinga ndi chikhulupiriro chawo, kalekale kutsidya la nyanja yamchere, ku America, kunali anthu amene makolo awo adachokera ku Yerusalemu. Mmodzi wa iwo anali Mormoni, mneneri komanso mkulu wa asilikali, amene adatchedwa dzina la malo ena a madzi kumene anthu akwawo adabatizidwirako mobisala. Ataona kuti mtundu wake ukutha ndi nkhondo, Mormoni adasonkhanitsa zolembedwa zonse za makolo ake, n'kuzifupikitsa pa mapale a golide, ndipo mwana wake adakazikwirira m'phiri. Patapita zaka mazanamazana, mnyamata wina wa pa famu, amene adasokonezeka ndi mipingo yokangana m'dera lawo, adapita kutchire kukapemphera kuti adziwe woona ndi uti. Iwo amati pambuyo pake mngelo adamulozera pamene panali mapale aja, iye n'kuwamasulira, n'kutuluka buku lotchedwa ndi dzina la Mormoniyo. Anthu owanyoza adayamba kuwaitana ndi dzina la bukulo, dzinalo n'kukakamira ngati chisoso pa thalauza. Eni ake amati mpingo wawo ndi wa Yesu Khristu, ndipo iwo ndi oyera mtima a m'masiku otsiriza.

Za golide ndi mngelozo, kunena zoona, poyamba ndidangoti aDube awa buledi wawakwana. Koma munthu uja Mormoni adandikhala mumtima. Anthu ake akutha, iye wakhala pansi kulemba kuti asaiwalike. Ndinkangoganiza za aMwale.

Sindibisa, padali china chimene chidandiwawa. ADube omwewo adandiuza kuti kwa zaka zambiri mpingowo sunkalola munthu wakuda kukhala wansembe, ndipo lamulolo lidachotsedwa posachedwa pomwepo. Ndinali nditayamba kupita ku mapemphero awo, koma nditamva zimenezi ndidakhala miyezi itatu osapitako. Chidandibweza ndi chiphunzitso chawo cha akufa. Iwo amati munthu amene adafa osabatizidwa sadatayike. Wamoyo akhoza kubatizidwa m'malo mwake m'kachisi, ndipo wakufayo kumene aliko amasankha yekha kulandira kapena kukana. Amatinso banja likhoza kumangidwa pamodzi mpaka muyaya, amoyo ndi akufa omwe. Atate anga adafa osabatizidwa, maliro awo adalibe nyimbo, ndipo ndimakumbukira amayi akulira kuti amuna awo apita ngati nkhuku. Nditamva kuti pali chimene ndingawachitire, ndidabatizidwa. Khukhi wopanga tiyi kanayi pa tsiku ndidasiya tiyi.

Kachisi wa mpingowo atatsegulidwa ku Joni, atsogoleri adatiuza kuti aliyense asonkhanitse mayina a kwawo: dzina la munthu, makolo ake, kumene adabadwira, ndi nthawi imene adafa ngati ikudziwika. Ndidalemba kalata ya masamba atatu kwa Esinati. Ndidafotokoza zonse, za Mormoni, za kachisi, za atate. Ndidapempha kuti akhale pansi ndi amayi, amayi atchule akufa athu onse amene akuwakumbukira, iye alembe, osasiya ngakhale mmodzi. Ndidapemphanso mayina a ana ake ndi masiku awo obadwa, kuti pepala la banja lathu likhale lokwanira.

Apa ndiye padagona kupusa kwanga. Zaka makumi awiri za kunja zidandiiwalitsa mmene pepala lotere limaonekera kwathu. Kwathu wakufa satchulidwa dzina chisawawa. Tsono ine ndinkafuna kuti awatchule onse, awalembe pa ndandanda, awaike mu emvulopu, awatumize kunja kwa dziko kwa munthu amene sadakwatire ndipo ndalama zake sizidukiza.

Yankho lidabwera patatha miyezi iwiri, masamba awiri ong'ambidwa m'kope la sukulu. Munali mayina makumi atatu ndi limodzi, ena ndinali ndisanawamvepo, mpaka agogo a agogo amene adachokera kumapiri a ku Dowa. Ana a Esinati analinso momwemo. Pansi penipeni panali dzina lina, ndi mawu akuti: "Amayi akuti mulemberetu ndi lawo, kuti musadzavutitsenso anthu ndi makalata." Ndidaseka ndekha m'khitchini mpaka misozi. Aka kanali koyamba kudziwa dzina lenileni la amayi anga. Moyo wanga wonse ndinkangowadziwa kuti aNabanda.

Kuchokera pamenepo makalata adasintha. Ankabwerabe, dzanja ndi lomwe lija la Esinati, ndipo ankayamba ndi "amayi akuti." Koma amayi ake anali ena. Amayi akuti zikomo kwambiri chifukwa cha bulangete. Amayi akuti Mulungu akudalitseni. Za kukwatira osafunsanso. Ndidadzinamiza kuti ukalamba wawafewetsa. Zaka ziwiri ndidalandira madalitso amenewo, mtima uli m'mwamba. Azungu anga atanena kuti akusamukira kwawo, sindidafune ntchito ina. Ndidagula bulangete lolemera, loti amayi asowe ponena, n'kuyamba ulendo.

Tidadutsa ku Tete pa mndandanda wa malole operekezedwa ndi asilikali. Buku langa la mpingo ndidalikulunga m'thawulo pansi pa sutikesi, chifukwa masiku amenewo buku losadziwika linkatha kukugonetsa kupolisi. Pa depoti ya Salima anyamata a chipani adandifunsa khadi ndisanatsitse n'komwe katundu. Ndidagula, osatsutsa. Ndidakwera lole ya mpunga mpaka cha ku Lifuwu, kotsalako ndidayenda pansi, sutikesi pamutu, ndikumwetulira ndekha ngati wamisala.

Ndidafika masana. Amayi ena amene ankapuntha mpunga pabwalo adasiya, n'kungondiyang'ana. Ndidawapatsa moni, adayankhira kukhosi. Wina adanyamula mwana wake n'kulowa naye m'nyumba. Nyumba ya amayi ndidaipeza denga litagwera m'kati, pakhomo patamera bonongwe. Ndidaima pamenepo sutikesi ikadali pamutu.

Esinati adatuluka m'nyumba ina ya malata, mayi wamkulu tsopano, wonenepa, wofanana ndi amayi mpaka kundiopsa. Sadandithamangire. Adayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, iye n'kugwada patali.

"Mwayenda bwanji, achimwene?"

"Amayi ali kuti, Esinati?"

Adayang'ana pansi. Amene adayankha ndi mwamuna wamtali amene adatulukira kuseri kwa nyumba, alamu anga aBizaliele, amene ndinkawaona koyamba tsiku limenelo.

"Mukufunsa ife?" adatero. "Ife timayesa odziwa ndinu."

Nkhani yonse ndidaimva nditakhala pa mphasa ija, alamu akuiyankhula ngati akuwerenga mlandu. Amayi adamwalira patangotha miyezi itatu chitumizireni pepala lija. Adadzuka ndi mutu, tsiku lachiwiri adapita. Pamaliro mayi wina woyandikana nafe adaulula kuti adamva aNabanda akutchula akufa mmodzimmodzi pansi pa mango womwewu, Esinati akulemba, ndipo kumapeto adalembanso dzina la aNabanda ali moyo. Anthu adamutembenukira Esinati. Pamenepo iye adatulutsa kalata yanga n'kuwerenga pagulu mzere umodzi wokha, uja wakuti osasiya ngakhale mmodzi. Adanenanso kuti dzina la amayi ndidachita kulilamula ndine.

Zotsalazo anthu adalumikiza okha. Munthu wokhwima, amene wapereka m'bale wake kuti apeze chuma, amapatsidwa malamulo ndi sing'anga: usamwe chakuti, usadye chakuti, usakwatire. Nanga ine si ndidalemba ndekha m'makalata, monyadira, kuti ndidasiya tiyi ndi mowa? Nanga si ndinalibe mkazi? Nanga ndalama si zinkabwera mwezi ndi mwezi, pamene ana a anthu ena adatchona osatumiza ngakhale singano? Zonse zimene ndinkachita kuti ndikhale mwana wabwino zidasanduka umboni woti ndidadya amayi anga.

"Nanga makalata aja?" ndidafunsa. "Zaka ziwiri mukundilembera kuti amayi akuti, amayi akuti, iwo ali m'manda?"

"Tikadakuuzani mukadabwera," adatero alamu. "Ndipo munthu amene wachita zake yekha amatumiziridwanso uthenga wa maliro?"

Pa chingwe kuseri kwawo panali patayanikidwa bulangete la mizere yofiira limene ndidatumizira amayi chaka chathacho. Denga la malata lija sindidafunse kumene lidachokera. Ndalama za mfiti ankazilandira bwinobwino, mfitiyo ndiye sankaifuna. Ndidakwiya. Ndidaperekedwa ndi anthu anga, ndipo mawu ena ofewa onenera zimenezi ndilibe.

Ndidatsegula sutikesi kuti ndiwaonetse buku lija ndi pepala la banja, aone kuti mulibe nyanga, muli mayina okha. Alamu adadumpha ngati aona njoka. Adati nditseke msangamsanga, apampando a chipani akamva kuti pakhomo pano pafika chipembedzo chosadziwika, nyumba ipsa monga zidapsera za anthu aja ankakana makhadi. Ndidati mpingo wanga sukana khadi, ndagula yanga lero lomwe, nayi. Sadaiyang'ane n'komwe. Adati dzuwa lisanapendeke ndikhale nditachoka.

Ndidapempha chinthu chimodzi, kuti andionetse pamene adagona amayi. Kwathu munthu salowa kumanda yekha popanda eni ake kumulola ndi kumuperekeza, ndipo wolowa yekha ndiye amatsimikizira anthu kuti ndi mfiti. Alamu adati akuluakulu adanena kale kuti ayi. Mitengo ya kumandako ndinkaiona ndili pa mphasa pomwepo, kutsidya kwa dambo la mpunga, mtunda woti mwana ungamutume kukapala moto. Palibe ndi mmodzi yemwe adadzuka kuti andinenere.

Esinati adasenza sutikesi yanga kundiperekeza. Tidayenda m'mizere ya mpunga mpaka mudzi udabisika.

"Esinati," ndidatero, "udalemba ndi dzanja lako. Udawamva amayi akunena okha kuti ulembe dzina lawo."

"Ndidawamva."

"Kalata yanga udaiwerenga yonse, masamba onse atatu."

"Ndidawerenga."

"Nanga bwanji?"

Adaima, sutikesi ili pamutu. "Inu munali kutali, achimwene. Ine ndinali pano ndi ana anayi, anthu atazungulira nyumba, maliro ali m'kati. Munthu wakutali mwala sumufika."

Kunena zoona, pamenepo mtima wanga udayamba kutsika. Ndidamuona ali yekha pakati pa anthu aja, ndipo ndidadzifunsa ngati ine ndikadalimba. Chibale ndi fupa, sichiola, ndidatero mumtima. Mlongo wanga adanama chifukwa cha mantha, koma iye yekha m'mudzi monse akudziwa kuti m'manja mwanga mulibe magazi. Ndidaona kuti zimenezo zikhoza kundikwanira, ndikhoza kukhala pa boma ndikudziwa kuti kumudzi kuli munthu mmodzi amene akundidziwa.

"Chabwino," ndidatero. "Tandiuza tsiku lokha limene amayi adamwalira."

Adapukusa mutu pang'onopang'ono kuti sutikesi isagwe. "Mukalemba."

"Ndikalemba, inde. N'kulakwa?"

Tidafika pamene kanjira kathu kamakumana ndi msewu wa malole. Adatula sutikesi, adapukuta manja pa chitenje, kenako adagwada pafumbi pomwepo, mayi wa ana anayi, n'kuyankhula motsitsa mawu ngati akupempha kwa munthu woopsa.

"Achimwene, ine ndiye ndidakulakwirani, chitani nane chimene mufuna. Koma ana anga sadakulakwireni. Mayina awo aja muwafufute pa pepala lanu. Wamng'ono uja wakhala akudwaladwala."

Ndidamuyang'ana nthawi yaitali, kufuna kuona ngati akunenera kuti anthu amve. Panalibe munthu wina aliyense pamsewupo. Maso ake anali pa manja anga, ndipo mantha ake anali enieni. Bodza limene adalinena kuti adzipulumutse adakhala nalo zaka ziwiri, kulidya, kugona nalo, mpaka adalikhulupirira iye mwini. Munthu mmodzi uja ndinkamudalira kunalibe.

"Ndamva," ndidatero.

Adathokoza, adaomba m'manja kawiri, n'kudzuka. Sadandifunse kumene ndikagone. Adabwerera m'kanjira ka mpunga mofulumira, osacheuka, ndipo ine ndidakhala pa sutikesi kudikira lole yopita ku Salima.